OLA LIMODZI PA MLUNGU: NKHANI YA ANA A KU KINGSTON NDI KU YPSILANTI

(Mawu amene mphunzitsi wathu wa madrasa adayankhula pa msonkhano wa makolo tsiku la Idi)

 

  Ndiyesetsa kusatalikitsa, ngakhale mukudziwa kale kuti mphunzitsi akati "mwachidule" ndiye kuti khalani bwino pamkekapo.

Nkhani yanga lero ndi ya ana aang'ono kwambiri, amene sanayambe n'komwe kubwera ku madrasa kapena kusukulu. Funso ndi ili: kodi kanthu kakang'ono kamene kachitikira mwana wa chaka chimodzi kapena zaka zitatu kangaonekenso munthuyo atafika zaka 30 kapena 40? Makolo athu adati mmera mpoyamba, ndipo sadaname. Koma mwambi suuza munthu kuti poyambapo achite chiyani kwenikweni. Tsono alipo anthu ophunzira amene adatsata ana ena kuyambira ali m'manja mpaka atakula n'kubereka ana awo, akulemba zonse zimene ankaona. Ana amenewa anali a m'mabanja a anthu akuda osauka a kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, zidzukulu za anthu amene adatengedwa kuno ku Africa pa nthawi ya ukapolo. Ndikamba za malo awiri, ndipo ndikhalitsa pa oyambawo.

Jamaica ndi chilumba cha m'nyanja ya Caribbean. Anthu ake ambiri ndi akuda ngati ife, zidzukulu za akapolo a m'minda ya nzimbe. Ukapolo udatheratu kumeneko mu 1838, ndipo dzikolo lidalandira ufulu wodzilamulira mu 1962, zaka ziwiri ife tisanalandire wathu. Mu 1986 ndi 1987, dokotala wina wamayi, Sally Grantham-McGregor, ndi anzake a pa University of the West Indies adayenda khomo ndi khomo m'madera osauka a mzinda wa Kingston, kuyeza ana msinkhu. Adapeza ana 129 a pakati pa miyezi 9 ndi miyezi 24 amene anali opinimbira.

Tiyeni timvane pa mawu amenewa. Mwana wopinimbira si mwana wowonda ayi. Akhoza kuoneka wonenepa ndithu, koma ndi wamfupi poyerekeza ndi miyezi yake, chifukwa kwa nthawi yaitali thupi lake lakhala likupelewera zakudya zoyenera, kapena lakhala likulimbana ndi matenda obwerezabwereza monga kutsegula m'mimba. Ndipo pamene mafupa akuchedwa kukula, nthawi zambiri nzeru nazonso zimatsalira.

Ana 129 aja adawagawa m'magulu anayi mochita maere, kuti wina asadzanene kuti adasankha ana a amayi ochangamuka okhaokha. Gulu loyamba linkalandira mkaka wa ufa, kilogalamu imodzi mlungu uliwonse. Gulu lachiwiri silinkalandira mkaka, koma linkayenderedwa ndi mlangizi wa zaumoyo kamodzi pa mlungu, kwa ola limodzi, kudzasewera ndi mwana pamodzi ndi mayi ake. Gulu lachitatu linkalandira zonse ziwiri. Lachinayi silinkalandira mkaka kapena masewero, ngakhale ana onse a magulu anayiwo ankathandizidwa mwaulere akadwala. Zimenezi zidachitika zaka ziwiri, basi. Zitatha zaka ziwirizo, alangizi adasiya kubwera, mkaka udaleka, ndipo banja lililonse lidapitiriza moyo wake wa kale.

Ola limodzi limenelo ndilo ndikufuna tiliyang'anitsitse. Alangiziwo sanali madokotala kapena anthu a madigiri. Anali amayi wamba a m'madera momwemo amene adaphunzitsidwa ntchitoyo kwa nthawi yochepa. Ankabwera ndi zoseweretsa zopanga okha kuchokera ku zinthu zotayidwa, monga mabotolo a pulasitiki, zivindikiro, makatoni ndi tizigamba ta nsalu, komanso timabuku ta zithunzi. Choseweretsa ankachisiya pakhomopo mlungu wonse, mlungu winawo n'kudzasinthitsa ndi china chovutirako pang'ono. Koma munthu weniweni amene ankamuphunzitsa sanali mwanayo. Anali mayi. Mlangizi ankaonetsa kaye, kenaka n'kuuza mayi kuti, "Yesani inuyo." Ankamulimbikitsa kuti aziyankhula ndi mwana pomusambitsa ndi pomudyetsa, azitchula maina a zinthu zimene mwana akuyang'ana, azimuyankha akamatulutsa timawu take tosamveka tija, azimuyamikira akachita bwino, ndipo achepetse kumenya. Palibe chodabwitsa pamenepo. Agogo anu akanamva akanati, "Ndiye sukulu yake ndi imeneyo?"

Zotsatira zoyamba zidasindikizidwa mu 1991 m'magazini ya madokotala ya The Lancet. Mkaka udathandiza, masewero adathandizanso, ndipo ana amene adalandira zonse ziwiri adawapeza anzawo osapinimbira a m'madera omwewo pa kakulidwe ka nzeru. Mpaka pamenepo nkhani ili monga tinkayembekezera. Koma ofufuzawo sadalekere pomwepo. Adawafunafuna anawo ali ndi zaka 7, ali ndi zaka 11, ali ndi zaka 17, ali ndi zaka 22, mpaka zaka 31, ena mwa iwo atasamukira kale ku America ndi ku Britain. M'kupita kwa zaka, phindu la mkaka lija lidazilala mpaka osaonekanso. La masewero lidakhalabe. Pa zaka 17, ana a masewero ankawerenga bwino kuposa anzawo, ankadziwa mawu ambiri, ndipo nkhawa ndi kukhumudwa zinali zochepa pakati pawo. Pa zaka 22 adapezeka kuti sankalowerera ndewu ndi ziwawa monga anzawo. Mu 2014 magazini ya Science idaonetsa kuti malipiro awo pa ntchito anali okwera ndi 25 pa 100 iliyonse, ndiko kuti pamene mnzake walandira 100, iye walandira 125. Pa zaka 31 mpatawo udakulirakulira, kufika pa 37 pa 100.

Abale anga, pano ndisamale, kuopa kuti wina angapite kunyumba n'kukauza amayi kuti aphunzitsi ati phala lilibe ntchito. Sindidatero. Inu mukudziwa chimene chimachitika kilogalamu imodzi ya mkaka ikalowa m'nyumba ya anthu asanu ndi atatu. Uyu athira mu tiyi, uyo anyambita, mkulu wake wa mwanayo nayenso ali ndi njala. Ofufuzawo nawonso adaona kuti mkakawo unkagawidwa m'banja, kotero kuti wofika m'mimba mwa mwini wake unali wochepa. Chakudya n'chofunika, ndipo mwana wanjala sasewera. Koma maganizo anga ndi akuti mkaka unkatha Lachinayi, pamene zimene mayi adaphunzira zinkagwirabe ntchito Lachisanu, Loweruka, ndi chaka chotsatira mlangizi atasiya kale kubwera.

Nanga zimatheka bwanji kuti ola limodzi lifike kutali chotero? Choyamba, ubongo wa munthu umakula mofulumira kwambiri m'zaka zoyambirira. Pofika zaka zitatu umakhala utafika pafupifupi magawo 80 pa 100 a kukula kwa ubongo wa munthu wamkulu, ndipo umamangika molingana ndi zimene mwana akumva, kuona ndi kugwira. Chachiwiri ndi chimene chimandikhudza kwambiri ine. Mwana wopelewera zakudya amakhala wofooka, sakwawakwawa, safunsa, salira kwambiri. Ife timamuona n'kunena kuti, "Koma mwana uyu ndi wofatsa, savuta." Ndiye timamukhazika pamkeka n'kupitiriza ntchito zathu. Popeza iye sayitana, palibe womuyankha, ndipo popeza palibe womuyankha, amasiyiratu kuyitana. Mlangizi uja ankabwera kudzadula chingwe chimenechi. Mwana akayamba kuloza chinthu, mayi n'kuchitchula dzina, mwana amalozanso china. Akafika kusukulu amafika ndi mawu ambiri m'mutu, amamva zimene aphunzitsi akunena, saopa kufunsa, ndipo sathawa sukulu msanga. Zili ngati njira ziwiri zopatukana pa mphambano. Poyamba mpata wake ndi phazi limodzi, mungathe kupatsana moni. Mukayenda tsiku lonse, wina ali ku Liwonde, wina ali ku Namwera.

Tsopano tichoke pa chilumbapo tipite kumpoto, ku United States, m'chigawo cha Michigan. Kumeneko kuli tauni yotchedwa Ypsilanti, kufupi ndi mzinda wa Detroit. Mabanja ambiri a anthu akuda adasamukira kumeneko kuchokera kumwera kwa dzikolo kudzafuna ntchito m'mafakitale, ndipo chifukwa cha tsankho ankakhala mbali imodzi ya tauniyo, ana awo n'kumaphunzira pa sukulu ya pulayimale ya Perry. Ana ambiri a kumeneko ankalephera, ndipo akuluakulu ena ankangoti ndi mmene adabadwira. Mkulu wina wa zamaphunziro, David Weikart, sadavomereze. Pakati pa 1962 ndi 1967 iye ndi anzake adatenga ana 123 a zaka zitatu ndi zinayi, onse akuda, onse a m'mabanja osauka. Ana 58 adalowa sukulu ya mkaka, 65 sadalowe. Sukuluyo inali ya maola awiri ndi theka m'mawa uliwonse wa pakati pa mlungu, mphunzitsi mmodzi pa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi. Taonaninso apa: kamodzi pa mlungu mphunzitsi ankapita kunyumba kwa mwana, n'kukhala ndi mayi ndi mwanayo ola limodzi ndi theka. Njira imene idakhazikika m'kalasimo inali yakuti mwana anene yekha chimene akufuna kuchita, achichite, kenaka afotokoze mmene zayendera.

Poyamba ana a sukulu ya mkaka adakhoza bwino mayeso oyeza nzeru. Koma pofika zaka 10, kusiyana kuja kudatha, magulu awiriwo adafanana. Munthu akadaweruza pamenepo akadati ndalama zapita m'madzi. Koma adapitiriza kuwatsata. Atafika zaka 40, zidapezeka kuti mwa amene adalowa sukulu ya mkaka, 77 pa 100 adamaliza sekondale, pamene mwa anzawo anali 60. Amene anali pa ntchito anali 76 pa 100, kwa anzawo 62. Amene adamangidwapo ndi apolisi kasanu kapena kuposa anali 36 pa 100, kwa anzawo 55.

Ngati nzeru za pa mayeso zidafanana, nanga chidasiyanitsa anthuwa n'chiyani? Katswiri wa zachuma James Heckman, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 2000, adabwerera ku zimene aphunzitsi a ku pulayimale ankalemba za ana amenewa. Mu 2013 iye ndi anzake adaonetsa kuti gawo lalikulu la kusiyanako lidachokera ku khalidwe. Ana a sukulu ya mkaka sankakonda ndewu, kunama, kuba ndi kusokoneza m'kalasi monga anzawo. Ndiye kuti chimene chidakhalitsa ndi kudzigwira, kudikira, kumaliza chimene wayamba, kukhala bwino ndi anthu. Ifeyo tingati adabu. Ndipo mu 2019 Heckman adaonetsanso kuti ana obadwa kwa anthu amenewa, amene sadapondeko n'komwe pa sukulu ya mkaka ya Perry, nawonso ankachita bwino kusukulu ndi pa ntchito kuposa ana a gulu lina lija. Zaka ziwiri kapena chaka chimodzi cha m'ma 1960 chidafika mpaka ku m'badwo wachiwiri.

Ife aphunzitsi nkhani imeneyi imatiuza kanthu. Timakonda kuweruza mwana ndi malikisi a teremu ino, ndipo makolo nanunso mumatifunsa kuti wakhala nambala chani. Ku Perry malikisi adanama kawiri: adalonjeza zambiri poyamba, kenaka adanena kuti palibe chatsala.

Komabe ndisakunamizeni kuti ola limodzi limachotsa mavuto onse. Mwamva nokha kuti ngakhale mwa othandizidwawo, 36 pa 100 adamangidwabe kasanu kapena kuposa. Ana a m'kafukufuku yense wa kuwiriku ndi ochepa, sakwana 300, ndipo sukulu ya Perry inali yodula, ya aphunzitsi odziwa bwino ntchito. Umphawi ndi tsankho zidali pomwepo kuwadikira pakhomo. Mu 2018, Raj Chetty ndi anzake adaunika mbiri ya anthu pafupifupi 20 miliyoni a ku America. Adapeza kuti mnyamata wakuda ndi mnyamata mzungu, okulira m'dera limodzi, makolo awo olandira ndalama zofanana, akakula wakudayo amalandira zochepa, ndipo zili choncho m'madera 99 pa 100 a dzikolo. Limenelo si vuto lakuti mayi sadasewere ndi mwana. Tisamasenzetse amayi katundu amene ndi wa dziko lonse.

Koma m'kafukufuku yemweyo muli mfundo ina imene ndikufuna abambo muimve. M'madera ochepa amene anyamata akuda ankachita bwino, chimodzi mwa zinthu zooneka chinali chakuti m'deralo munali abambo ambiri akuda okhala pakhomo ndi ana awo. Chodabwitsa n'chakuti phindulo linkafikira ngakhale mnyamata amene bambo ake enieni palibe. Kungokhala kuti m'mudzimo muli abambo, mwana akuwaona akupita ku ntchito, akumupatsa moni, akumudzudzula, kunali ndi mphamvu yake. Ofufuzawo sadanene kuti chimenechi chokha ndicho chimachititsa, koma zinthu ziwirizi zinkayendera limodzi.

Mwina wina akuti, "Aphunzitsi, za ku Jamaica ndi ku America zikutikhudza bwanji ife?" Zikutikhudza chifukwa mwana wopinimbira wa ku Kingston uja ali m'nyumba zathu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Ndiye kuti pa ana atatu amene mumawaona kusikelo, mmodzi. Njira ya ku Jamaica ija, imene tsopano imatchedwa Reach Up, idatengedwa kale n'kuyesedwa m'maiko monga Bangladesh, Colombia ndi Brazil, ngakhale kwa anansi athu ku Zimbabwe. Sidalira magetsi, sidalira nyumba ya malata, sidalira kuti mayi akhale wodziwa kuwerenga.

Ife ku madrasa timamulandira mwana ali ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mlungu woyamba womwewo timadziwa mwana amene kwawo amayankhulidwa ndi amene amangolamulidwa. Wina ukamufunsa dzina amakuyang'ana m'maso n'kuyankha, mwinanso n'kukufunsa lako. Wina amabisa nkhope, ukakweza dzanja kuti uloze pa bolodi iye wazinda kale. Onsewo ndi ana anzeru, ndipo timayesetsa nawo onse, koma wachiwiriyu timayamba naye ulendo anzake ali kale patsogolo. Mwana wathu amakhala kumbuyo kwa mayi tsiku lonse, n'zabwino, amamva kutentha kwa mayi ake. Koma nkhope ya mayi saiona, ndipo mawu amene akumva ndi opita kwa anthu ena. Masiku ano kwabweranso foni. Mayi maso pa foni, bambo maso pa foni, mwana akalira timamupatsa foni yomweyo kuti atonthole. Foni imayankhula, inde, koma simuyankha mwana.

Ndipo sindikunena amayi okha. Amayi ali ndi mtondo, mtsuko, nkhuni ndi geni. Pakhomo pali agogo, pali azakhali, pali achemwali ake a mwanayo, pali amalume. Abambo ambiri a kuno ali ku Joni kukasaka ndalama, ndipo sitiwanena, akudyetsa mabanja. Koma inu achimwene amene muli konko, potumiza mawu pa WhatsApp musamangofunsa ngati ndalama zafika. Tumizaninso mawu a mwanayo, mumutchule dzina, mumufunse mbuzi zili zingati. Ndipo abambo amene mwatsala kuno, kumbukirani za madera a ku America aja. Mwana wa mnzanu amene ali ku Joni akadutsa, muyitaneni, mumufunse zakusukulu.

Pempho langa kwa a komiti ndi laling'ono. Gulu la amayi la pa mzikiti pano limakumana kale mlungu uliwonse. Kodi sizingatheke kuti amayi anayi kapena asanu, okonda ana ndi oleza mtima, apemphe alangizi a zaumoyo a m'dera lathu kuti awaphunzitse za kakulidwe ka mwana, kenaka aliyense atenge makomo atatu kapena anayi a ana osakwana zaka zitatu, aziwayendera kamodzi pa mlungu? Tiyambe ndi ana amene kusikelo adanenedwa kuti sakukwera bwino, ana amasiye, ndi ana a atsikana amene abereka ali aang'ono. Chofunika kwambiri n'kusadukiza. Ku Kingston adayenda zaka ziwiri zathunthu, mlungu ndi mlungu. Kuyenda katatu n'kuleka sikudzatipatsa zimene iwo adapeza. Ndipo woyenderayo asapite ngati wapolisi wokaona ngati pakhomo pasesedwa. Apite ngati mnzake wa mayiyo.

Zipangizo zake zili kale m'manja mwanu. Lero m'makomo ambiri mutsekulidwa mabotolo a Sobo ndi a Fanta. Mabotolo a pulasitikiwo musataye. Tsukani limodzi, ikanimo timiyala, tsekani zolimba kuti mwana asatsekule, ndiye kuti wa miyezi 9 wapeza chogwedeza. Wa chaka chimodzi mupatseni chitini chopanda m'mphepete mwakuthwa ndi zitsononkho zitatu, aziponya m'kati ndi kutulutsa, inu mukunena kuti "m'kati", "kunja", "chimodzi", "ziwiri". Wa zaka ziwiri asanje makapu, chachikulu pansi, chaching'ono pamwamba, zikagwa museke naye n'kuyambanso. Tinthu ting'onoting'ono totha kulowa m'kamwa, monga tizivindikiro ta mabotolo, tisungireni ana okulirapo, ndipo inu mukhale pomwepo. Amene akufuna kulowa nawo m'gulu loyendera makomo apereke maina kwa amayi a komiti tikamatuluka.